Ng'anjo Yoyengera Mau a Nyenyezi

Munthu ali yense amene anapotozapo kabatani ka wailesi usiku, pofunafuna nyimbo kapena nkhani za kutali, adziwa kaphokoso kaja komveka pakati pa siteshoni ina ndi inzace, konga mvula yowaza pa denga la malata. Ambiri angokapitirira msanga, pakuti sikanena kanthu. Koma kunali munthu wina ku America, dzina lace Karl Jansky, amene analipidwa kuti amvetsere phokoso lotere. Kampani ya Bell Telephone Laboratories inamtuma kuti apeze kumene kucokera phokoso losokoneza matelefoni oyenda pa mafunde a wailesi kuoloka nyanja yamcere. Iye anamanga cimango cacitali ca mapaipi ndi matabwa ku Holmdel, m'cigawo ca New Jersey, naciika pa mawilo anai a galimoto kuti cizizungulira, ndipo m'caka ca 1932 anamvetsera naco miyezi yambiri.

Phokoso lina linali la mphezi za pafupi, lina la mphezi za kutali. Koma panatsala kaphokoso kacitatu, kofooka, kamene kankakula kamodzi pa tsiku, ndipo kankabweranso patapita maola 23 ndi mphindi 56, osati maola 24 ai. Dzuwa libwerera pa malo ace patapita maola 24, koma nyenyezi zifulumira ndi mphindi zinai. Pamenepo Jansky anazindikira kuti kaphokosoko sikacokera pansi pano kapena ku dzuwa, ndipo mu 1933 analengeza kuti kacokera pakati pa Mlalang'amba, njira yoyera ija ya nyenyezi yopingasa thambo usiku wopanda mwezi.

Kuyambira pamenepo akatswiri a zakuthambo akhala ali kumanga mbale zazikulu zacitsulo zochera khutu kumwamba. Anthu aona zithunzi za mbalezo m'manyuzipepala, naonanso zithunzi zokongola za nyenyezi, nayesa kuti mbale ijambula monga icita kamera. Si tero ai. Pakati pa mbale ndi cithunzi pali cida cina cosagwirika ndi manja, cochedwa pulogalamu ya kompyuta, ndipo katswiri ali yense ayenera kudziwa zinthu zitatu za cidaco: kuciika bwino m'makina ace, kuciyatsa bwino, ndi kucikonzanso pa nthawi yace. Wophonya pa nchito imeneyi akhoza kuona kumwamba cinthu cimene kulibe, nauza dziko lonse, monga zinacitikadi m'caka ca 1991.

Mtapo wa kumwamba

Anthu a ku migodi adziwa bwino kuti cimene cikwera kucokera pansi si mkuwa wonyezimira, koma miyala, ndi kuti m'miyalamo mkuwa uli wocepa, zotsala zonse ndi zacabe. Miyalayo iphwanyidwa, niperedwa, nitsukidwa, niyengedwa m'ng'anjo kuti mphala ipatuke, ndipo pamenepo ndi pamene munthu aona mkuwa. Zimene mbale itola kumwamba ziri cimodzimodzi. Ndizo manambala okhaokha, miyandamiyanda, ndipo gawo lalikulu la manambalawo ndi phokoso la mawaya a makina omwewo, la mpweya wa mlengalenga, la ndege ndi la matelefoni a m'manja. Mau a nyenyezi alimo m'katimo, koma ndi ocepetsetsa.

Kale nchito yosankha inali ya maso a munthu. Mu 1967, ku Cambridge m'dziko la England, wophunzira wina wamkazi, Jocelyn Bell, ankalandira tsiku ndi tsiku pepala lalitali pafupifupi mamita 30, lolembedwa mizere ndi zolembera za makina, naliunika lonse ndi maso. Ndi pa pepala lotere pamene anaona kacizindikiro kacilendo, kamene kanadzadziwika kuti ndi nyenyezi yogunda ngati mtima, kamodzi pa masekondi 1.3 ali onse. Nyenyezi ya mtundu umenewo ichedwa pulsar.

Koma makina atakula, maso analephera. Ku New Mexico, m'dziko la America, kuli mbale 27 zochedwa Very Large Array, zimene zinatsegulidwa mu 1980. Iri yonse ndi ya mamita 25 m'mimba mwace, ndipo ziimikidwa motsata njanje zitatu zokomana monga cilembo ca Y. Mbalezi sizimvera iri yonse payokha, koma ziwiriziwiri: cimene yamva imodzi cifanizidwa ndi cimene yamva inzace. Mbale 27 zipanga magulu a ziwiriziwiri okwana 351, ndipo gulu liri lonse litulutsa manambala ace kosaleka, usiku ndi usana. Palibe kalaliki, ngakhale akalaliki cikwi, amene angawerengere zonsezo ndi pensulo. Ng'anjo ya mtapo wotere ndiyo pulogalamu.

Pulogalamu nciani?

Omvera wailesi azolowera mau akuti pulogalamu ponena za nyimbo kapena nkhani zoulutsidwa pa ola lace. Pa kompyuta mauwa atanthauza cina: ndiwo mndandanda wa malangizo olembedwa ndi anthu, ouza makina zocita, cimodzi cimodzi motsatana. Kompyuta iwerengera msanga koposa, koma siganiza. Icita cokhaco cimene yauzidwa, ndipo ikauzidwa zolakwa icita zolakwazo msanga ndi mokhulupirika, osadandaula.

Pulogalamu yakale yochuka pa nchito ya mbale za wailesi ndi AIPS. Inayamba kulembedwa mu 1978 ku Charlottesville, m'cigawo ca Virginia, ndi anchito a bungwe la National Radio Astronomy Observatory, lomwe liyang'anira mbale 27 zija, ndipo gawo lace lalikulu linalembedwa m'cinenero ca makompyuta cochedwa FORTRAN. Ina yobwera pambuyo ndi CASA, imene igwira nchito ya mbale zomwezo, ndiponso ya mbale 66 za ALMA zokhala pa citunda ca mamita 5,000 m'dziko la Chile. Ziwiri zonsezi sizigulidwa ndi ndalama. Munthu wokhala ndi kompyuta yoyenera akhoza kuzitenga pa intaneti.

Pa zaka zoyamba, malo ali onse openyera nyenyezi ankalemba manambala ace pa tepi mwa njira yaoyao, kotero kuti tepi ya ku America inali yobvuta kuwerenga ku Holland. Mu 1979 Don Wells ndi Eric Greisen anapangana njira imodzi, ndipo mu 1981 anaisindikiza pamodzi ndi Ronald Harten, amene ankagwira nchito ku Holland. Dzina la njirayo ndi FITS. Failo iri yonse iyamba ndi mau owerengeka ndi munthu, onena makina amene anamvera, tsiku lace ndi mbali ya thambo, monga cikwangwani comangirira pa thumba la katundu wa pa sitima. Pambuyo pace panakhazikika lamulo lakuti zolembedwa kale mwa njira imeneyi zisadzakhale zosawerengeka, ngakhale njirayo ionjezedwe zina. Ndico cifukwa cace manambala otoledwa m'zaka za m'ma 1980 atseguka ndi lero lomwe.

Kuika

Makina atsopano akafika pa mgodi, amisiri sangowatsitsa m'lori ndi kuwayatsa pomwepo. Ayamba ayesa maziko, naona ngati magetsi ali a mphamvu yoyenera, namanga mabauti onse. Kuika pulogalamu kufuna mtima womwewo. Coyamba, katswiri aona ngati kompyuta yace ndi ya mtundu woyenera, pakuti AIPS ndi CASA ziyenda pa makompyuta oyendera Linux kapena a Mac, osati oyendera Windows. Caciwiri, aona ngati m'madisiki muli malo okwanira, cifukwa manambala a usiku umodzi a mbale zazikulu akhoza kudzaza kompyuta yonse ya mu ofesi. Cacitatu, akumbukira kuti pulogalamu yaikulu itsamira pa timapulogalamu tina tating'ono tokhala kale m'makina, monga denga litsamira pa mizati. Kamodzi kakasowa, kapena kakakhala kakale kwambiri, yaikuluyo ikana kuyenda.

Pali njira ziwiri zotengera pulogalamu. Munthu akhoza kutenga yomangidwa kale, monga wogula buluku losokeratu m'sitolo. Njira iyi ndi yofulumira, ndipo ambiri atsata imeneyi. Kapena akhoza kutenga malangizo okhaokha monga anawalemba eni ace, ndi kuuza kompyuta yace iwasandulize m'cinenero ca makina ace, monga wopita ndi nsalu kwa telala. Njira iyi icedwa, koma cobvalaco cikhala ca msinkhu wace. Poika AIPS pali kapulogalamu kothandiza kamene kafunsa mafunso motsatana, monga dzina la malo, madisiki amene adzasunga manambala, ndi makina osindikizira amene alipo. Woyankha mothamanga adzabvutika masiku ambiri kufunafuna pamene analakwa.

Cotsiriza, ndipo ndico cimene aulesi adumpha, ndi kuyesa. Katswiri wanzeru sayamba ndi manambala ace atsopano. Ayamba ndi manambala akale amene yankho lace lidziwika kale, naona ngati makina ace atulutsa yankho lomwelo. Likasiyana, adziwa kuti colakwa ciri m'makina, si kumwamba ai.

Kuyatsa

Wanchito wa pansi pa mgodi, asanatsike, ayamba apita kukatenga nyali, ndipo adziwika ndi nambala yace. Woyatsa AIPS acitanso cimodzimodzi. Ataipa mau akuti aips, ndipo pulogalamu isanacite kanthu imfunsa nambala yace, pakuti mafailo a munthu ali yense asungidwa pansi pa nambala imeneyo. Anthu awiri ogwiritsa nchito kompyuta imodzi akatenga nambala imodzi, wina akhoza kufafaniza nchito ya mnzace ya mwezi wathunthu osadziwa.

M'kati mwa AIPS muli nchito zazing'ono mazana angapo, iri yonse ndi dzina lace lalifupi losapitirira zilembo zisanu. FITLD ilowetsa manambala, CALIB iwaongola, IMAGR ipanga cithunzi. Katswiri asankha nchito imodzi, naiuza failo yoti igwirepo ndi miyeso yoti itsate. Akataipa INP, pulogalamu imuonetsa miyeso yonse monga yaikidwa. Akataipa GO, nchito iyamba. Msampha uli apa: muyeso umene munthu anaika pa nchito yapita ukhalabe comweco kufikira ausinthe. Wotaipa GO asanayang'ane INP afanana ndi dalaivala woliza galimoto osaona ngati mnzace anaisiya m'giya.

Manambala atalowa, katswiri ayamba ataya oonongeka, monga a mbale imene inali yodwala usiku umenewo kapena a mphindi zimene phokoso la pansi pano linalowerera. Kenaka ayesa sikelo yace. Wogulitsa nyama woona mtima ayesa sikelo ndi citsulo codziwika kulemera kwace; momwemonso mbale, pa usiku uli wonse wa nchito, zitembenukira kanthawi ku gwero la mafunde lodziwika mphamvu yace, monga lija lochedwa 3C 286, ndipo pulogalamu iongola manambala ena onse molingana ndi cimene yamva kumeneko.

Cithunzi coyamba kutuluka cikhala cauve. Popeza pakati pa mbale ndi mbale pali mipata, nyenyezi iri yonse ioneka ndi mizere ndi mikombero yabodza, monga nyali ya pa mseu yopenyedwa kupyola m'nsalu ya neti. Mu 1974 Jan Högbom wa ku Sweden anasindikiza njira yoyeretsera cithunzi cotere, yochedwa CLEAN. Pulogalamu ipeza kadontho kowala koposa, nicotsa gawo la kuwala kwace pamodzi ndi mizere yace yabodza, nifunanso kadontho kena, nibwereza motero kambirimbiri. Koma poimira paweruzidwa ndi munthu. Akaleka msanga, zauve zitsala. Akapitiriza kwambiri, pulogalamu iyamba kutola phokoso lacabe ndi kuliyesa nyenyezi.

Kukonzanso

Khasu likagulidwa likhala khasu lomwelo kufikira litatha. Pulogalamu sitero; eni ace atulutsa makope atsopano kawirikawiri, ndipo pali zifukwa zitatu. Coyamba ndi cakuti malangizo ambiri cotero, olembedwa ndi anthu ambiri pa zaka zambiri, salephera kukhala ndi zolakwa, ndipo colakwa cikapezeka ciyenera kukonzedwa kwa onse. Caciwiri ndi cakuti mbale zisintha. Zipangizo za m'kati mwa Very Large Array zinacotsedwa ndi kuikamo zatsopano, ndipo mu 2012 mbalezo zinapatsidwa dzina la Karl Jansky uja. Manambala ocokera ku zipangizo zatsopano anaculuka kwambiri, ndipo kope lakale la pulogalamu silikadatha kuwasamala bwino.

Cifukwa cacitatu ndi codabwitsa: dziko lapansi lenilenilo silisunga nthawi bwino. Lizungulira kamodzi pa tsiku, koma osati mofanana masiku onse. Madzi a m'nyanja zazikulu, pokokedwa ndi mwezi, alicedwetsa pang'onopang'ono, ndipo mphepo ndi zina za m'kati mwace zilisinthasintha. Mawochi a atomu saphonya, motero mawochi ndi dziko zisiyana. Pofuna kuziyanjanitsa, sekondi imodzi inaonjezedwa pa mawochi a maiko onse nthawi 27, kuyambira 1972 kufikira tsiku lomaliza la 2016. Sekondi imodzi ioneka yacabe, koma pa sekondi imodzi malo a pa mzere wa equator ayenda mamita 465 kulinga kum'mawa, pamodzi ndi ciri conse comangidwa pamenepo. Pulogalamu yokhala ndi mndandanda wakale wa nthawi iyesa kuti mbale inali pamene sinali, ndipo iika nyenyezi pa malo olakwika. Mu 2022 maiko anagwirizana kuti mwambo woonjezera sekondi udzaleke pofika 2035, koma kuyesa kazunguliridwe ka dziko sikudzaleka, pakuti palibe angakalembe molondola zaka zisanafike. Mndandandawo uyenera kutengedwa watsopano nthawi ndi nthawi.

Eni AIPS anapeza njira yao yofalitsira zokonzedwa. Kope la caka ciri conse lichedwa ndi tsiku lomaliza la cakaco, monga 31DEC19, limene linamangidwa m'caka ca 2019. M'kati mwa caka, wofuna zatsopano ayatsa kapulogalamu kamene acha nchito ya pakati pa usiku. Anthu atagona, iko kafunsa makompyuta a eni ace ngati pali cosintha, nikatenga zosinthazo zokha, kotero kuti m'mawa katswiri apeza cida cace canoledwa.

Koma kukonzanso kuli ndi zoopsa zace. Pa 1 Januwale 2020 eni ace a cinenero ca Python analeka kusamala kope lace laciwiri, ndipo CASA, imene ilankhulidwa m'cinenero cimeneco, inasamukira ku kope lacitatu; malangizo ambiri amene akatswiri anadzilembera kale anayenera kulembedwanso. Coopsa coposa ndi kusintha kope pakati pa nchito, pakuti theka la manambala liyengedwa m'ng'anjo ina, theka m'ng'anjo ina, ndipo kusiyana kwa ng'anjozo kukhoza kuoneka ngati cinthu catsopano ca kumwamba. Cifukwa cace ocenjera asunga kope lakale pambali pa latsopano, natsiriza nchito ndi kope limene anayamba nalo, nalemba dzina la kopelo m'lipoti lao. AIPS yokha isunga mbiri ya zonse zinacitidwa pa failo iri yonse, monga buku limene kapitao wa shifiti ya usiku asiyira wa m'mawa.

Dziko limene kunalibe

Pulsar igunda mosaphonya kuposa wochi iri yonse ya pa mkono. Ngati pali dziko lozungulira nyenyezi yotere, liikokera pang'ono uku ndi uku, ndipo kugundako kufika pansi pano msanga nthawi zina, mocedwa nthawi zina. Koma dziko lapansi nalonso liyenda pozungulira dzuwa, ndipo ulendo wace wokhawo ukhoza kufulumiza kapena kucedwetsa kugundako ndi mphindi zofika 8. Pulogalamu iyenera kucotsa coyamba ulendo wa dziko lapansi, kuti cotsala cikhale ca nyenyezi yokha.

Mu Julai 1991 Andrew Lyne ndi anzace awiri a ku Jodrell Bank, pafupi ndi Manchester, analengeza m'magazini ya Nature kuti apeza dziko lolemera pafupifupi kakhumi kuposa dziko lapansi, lozungulira pulsar yochedwa PSR 1829-10 kamodzi pa miyezi 6 iri yonse. Nkhaniyo inamveka pali ponse, pakuti kufikira pamenepo panalibe dziko lotsimikizika kunja kwa banja la dzuwa. Koma ena anakaika, poona kuti miyezi 6 ndi theka lenileni la caka ca pansi pano. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lyne anabwerera ku manambala ace, napeza nyererezo yekha. Malo a nyenyeziyo olembedwa poyamba anali olakwika pang'ono. Pokonza malowo, kawerengedwe kanatenga njira ya dziko lapansi ngati mkombero weniweni, pamene njirayo ndi yophwatalala pang'ono, ndipo masamu onse sanabwerezedwe kuyambira paciyambi ndi malo olondola. Atawabwereza, dziko lija linazimiririka. Cimene anaona cinali mthunzi wa ulendo wa dziko lapansi lomweli.

Mu Januwale 1992 akatswiri anasonkhana ku Atlanta, ndipo Lyne anali ataitanidwa kukakamba za dziko lace latsopano. Iye anapita ndithu, naimirira pamaso pa khamulo, nafotokoza kuti dzikolo kulibe, ndi umo colakwaco cinalowera. Anthuwo anamuombera m'manja nthawi yaitali cifukwa ca kuona mtima kwace. Pa msonkhano womwewo Aleksander Wolszczan anakamba za maiko awiri ozungulira pulsar ina, PSR 1257+12, amene anawapeza pamodzi ndi Dale Frail, ndipo amenewo anatsimikizika.

Mboni zinai

Phunziro limeneli akatswiri sanaliiwale. Mu Epulo 2017 mbale za pa malo openyera 8, ku Chile, Hawaii, Mexico, Arizona, Spain ndi ku South Pole, zinagwira nchito pamodzi pofufuza pakati pa gulu lalikulu la nyenyezi lochedwa M87, limene kuunika kwace kuyenda zaka 55 miliyoni kuti kufike pansi pano. Ankafuna cithunzi ca dzenje lakuda, ndiwo malo pamene zinthu zapanikizana kwambiri kotero kuti ngakhale kuunika sikutha kuthawapo. Manambala anaculuka kosati nkutumizidwa pa intaneti; madisiki olemera kupitirira theka la tani ananyamulidwa pa ndege kupita ku Massachusetts ndi ku Bonn, m'dziko la Germany. A ku South Pole anadikira kufikira kumapeto kwa cakaco, popeza ndege siziterako nyengo ya cisanu.

Tsono akatswiriwo sanakhulupirire ng'anjo imodzi. Anaongola manambala omwewo ndi mapulogalamu atatu osiyana, ndiwo HOPS, CASA ndi AIPS yakale ija, nafanizira zoturukamo. Popanga cithunzi anagawikana magulu anai, napangana kuti kwa masabata 7 gulu liri lonse ligwire lokha, osaonetsa kapena kuuza anzace kanthu, kuti wina asatengere maganizo a mnzace. Ena anatsata njira ya CLEAN, ena njira zatsopano. Mu Julai 2018 anakomana ku Cambridge wa ku Massachusetts, naika zithunzi zinai pamodzi. Zonse zinaonetsa mkombero wowala, wakuda pakati, wowala koposa mbali ya kumunsi. Ngakhale pamenepo anapitiriza kuyesa miyezi ina yambiri, ndipo cithunzico cinaonetsedwa kwa anthu pa 10 Epulo 2019. Dzenjelo lilemera ngati madzuwa 6,500 miliyoni.

Pafupi ndi kwao

Nchito imeneyi yafika ndi mu Africa. M'cipululu ca Karoo, ku South Africa, muli mbale 64 zochedwa MeerKAT, zimene zinatsegulidwa mu Julai 2018. Magulu ace a ziwiriziwiri akwana 2,016. Mu 2012 panagamulidwa kuti makina akulu koposa, ochedwa Square Kilometre Array, amangidwe ku South Africa ndi ku Australia, ndipo pa maiko 8 a mu Africa amene anaima pamodzi ndi South Africa popempha nchitoyo panali Zambia ndi Mozambique. Kumanga kunayamba mu Disembala 2022.

Mwana wa wanchito wa ku Kitwe kapena ku Mufulira, akaphunzira masamu nakhala ndi kompyuta yoyenera, akhoza kuika AIPS kapena CASA yomweyo imene igwira nchito ku New Mexico, ndipo manambala akale a Very Large Array asungidwa poyera kuti ali yense awatenge. Mwambo wofunika pa nchitoyi suli wacilendo kwa iye, pakuti auona m'nyumba mwa atate wace: kuyesa nyali asanatsike, kuwerenga cimene a shifiti yapita analemba, ndi kunena msanga kwa kapitao pamene mwala wa kudenga wamveka mau okaikitsa.